Kafukufuku wa m'madzi popanda labotale: yankho kwa mphunzitsi

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale. Mawu ake ndi awa: "Ndimaphunzitsa za zamoyo za m'mitsinje ndi m'nyanja, koma pabolodi pokha. Labotale tilibe, maikulosikopu tilibe. Ana amaloweza, mayeso akatha n'kuiwala. Kodi akatswiri a kafukufuku wa m'madzi amachita chiyani kwenikweni? Nanga chilipo chimene ine ndi ana anga tingachite?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Chilipo, ndipo si chongoseweretsa ana ayi. Mbali yaikulu ya ntchito yathu ndi kupita pamalo amodzimodzi, kuyeza chinthu chimodzimodzi, kulemba m'kope, n'kudzabweranso. Makina amathandiza ndithu, koma chimene chimasowa kwambiri pa phunziro limeneli ndi munthu wobwerera pa mtsinje womwewo chaka ndi chaka osatopa.

Tiyambe ndi chida chimene ndimachikonda kuposa zonse. Ndi kambale kozungulira, kotambalala masentimita 20, kogawidwa panayi, mbali ziwiri zoyera ziwiri zakuda, komangiriridwa pa chingwe. Dzina lake ndi Secchi, kuchokera kwa Angelo Secchi, wansembe wa ku Italy amene analinso katswiri wa nyenyezi, yemwe anayamba kuyezera madzi mwa njira imeneyi mu 1865. Mutha kukapanga ndi chivindikiro cha ndowa, penti ndi kachitsulo kolemera komangirira kunsi. Mumakatsitsa m'madzi pang'onopang'ono mpaka katabisika, n'kugwira chingwe pamene chalekezera. Mumakakoka mpaka kataonekanso, n'kugwiranso. Pakati pa malo awiriwo ndiye muyezo wa kuyera kwa madzi tsiku limenelo. Basi.

Mwina mukuti, zachibwana zimenezo. Tamvani za Nyanja ya Washington, pafupi ndi mzinda wa Seattle ku America. M'zaka za m'ma 1950 zonyansa za m'masuweji zinkathiridwa m'nyanjayo, ndipo ndere zinayamba kuchuluka. W. T. Edmondson, mphunzitsi wa payunivesite, ankayeza madzi akewo mosadumphitsa. Manambala ake ndi amene anathandiza kuti anthu avomere kupatutsa suweji, ntchito imene inachitika kuyambira 1963 mpaka 1968. Madzi amene kambale kankabisika katangotsika mita imodzi anadzayera mpaka mamita angapo. Pakanapanda zolemba za zaka zam'mbuyo, ndani akanatsimikiza kuti nyanja ikudwala, kapena kuti yachira?

Kuyera kwa madzi kumakhudza zinthu zimene munthu sangaziganizire. Mu Nyanja ya Victoria munali mitundu yoposa 500 ya nsomba za m'banja la cichlid, abale ake a mbuna za mu Nyanja ya Malawi. Ambiri timadziwa kuti nsomba yolusa ya Nile perch, imene anaiika m'nyanjamo m'ma 1950 n'kudzachulukana m'ma 1980, inadya zambiri, ndipo mitundu pafupifupi 200 inasowa. Koma mu 1997 Ole Seehausen ndi anzake anaonetsa vuto lina lachete. Cichlid yaikazi imasankha yaimuna poona maonekedwe ake, ina yofiira, ina yabuluu. Madzi akada ndi matope ndi ndere, yaikazi siisiyanitsanso bwino, mitundu imayamba kusakanikirana, ndipo imene inali iwiri imasanduka umodzi. Mtundu wa nsomba kutha popanda woipha! Ine nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikamaifotokozera ophunzira, chifukwa matope amenewo amachokera kumtunda, m'minda yokokoloka ndi m'mapiri odulidwa mitengo. Matenda a nyanja amayambira pouma.

Chimene chimadyetsa ndere chinatsimikizika ku Canada mu 1973. David Schindler ndi anzake anagawa pakati kanyanja kotchedwa Lake 226 ndi chinsalu cha pulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathiramo kaboni ndi naitirojeni, koma fosifolasi anathira mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo inabiriwira ngati dimba, inayo n'kukhalabe yoyera. Chithunzi chimene anajambula ali m'mwamba chinathandiza kuti maboma achepetse fosifeti, mankhwala okhala ndi fosifolasi, mu sopo wochapira. Mutha kuchita zofanana m'mabotolo awiri oonekera: madzi a padziwe limodzi, m'botolo limodzi muikemo timibulu tochepa ta feteleza, muwaike padzuwa masabata awiri. Ana adzadzionera okha.

Pano ndiulule kulakwa kwanga. Ndikuyamba kumene ntchito, ndinapemphedwa kuti ndikaone dziwe la nsomba limene madzi ake anali obiriwira kwambiri. Ndinafika masana, n'kuyeza mpweya wa okosijeni, n'kupeza uli wochuluka. Ndinamuuza mwini wake kuti asade nkhawa. Patapita masiku ochepa anandiitana m'bandakucha. Nsomba zinali zitayandama pamwamba, pakamwa yasa, zikumeza mpweya, zina zitatembenuza kale mimba. Masana ndere zimatulutsa okosijeni chifukwa cha dzuwa, koma usiku zonse za m'madzimo, nderezo pamodzi, zimangopuma osabweza, ndiye kukamacha mpweya umakhala utatsala pang'ono kutha. Kutentha kumawonjezera vuto: madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, a madigiri 30 amangosunga 7 ndi theka. Nkhope ya bambo uja sindinaiiwale. Kuyambira tsiku limenelo, muyezo wopanda ola lake sindiulandira kwa wophunzira aliyense.

Ngati muli pafupi ndi mtsinje wosaya, pamene kambale kangagunde pansi kasanabisike, chida chanu ndi sefa ndi beseni loyera. Mwana mmodzi aike sefa kumunsi, wina avundule miyala kumtunda ndi phazi, zimene zakokoloka zigwere m'sefamo. Khuthulirani m'beseni la madzi ochepa, ndiye mudikire. Poyamba mumangoona zinyalala. Ana amayamba kunyinyirika. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha: kamtengo kena kamayamba kuyenda, kukhala kuti ndi kachilombo kamene kanadzimangira kanyumba ka timchenga ndi tizitsotso. Mumaona ana a tombolombo, nkhanu zing'onozing'ono, tina ta michira itatu tophwatalala tomamatira kunsi kwa miyala. Ta michira itatuto ndi ta tinyumbato, tambiri mwa ito timafuna madzi aukhondo a mpweya wokwanira. Mukapeza timphutsi tofiira piriwiri, misundu ndi nkhono zokhazokha, dziwani kuti mtsinje uli pamavuto. Tizilomboti timaposa botolo limodzi la madzi lopita ku labotale, chifukwa timakhala momwemo miyezi yambiri, ndipo zoipa zimene zinadutsa usiku wa mwezi watha zimaoneka pa kusowa kwake. Ku South Africa anakonza njira yotchedwa miniSASS, yopangidwira ana asukulu ndi anthu wamba, ndipo tchati chake cha zithunzi chimapezeka pa intaneti.

Musaiwale chitetezo. Kumene kuli likodzo, ana avale jombo, asagwire madzi odikha ndi manja opanda kanthu. Kumene kuli ng'ona kapena madzi osefukira, musayerekeze.

Pa za kusamalira, ndili ndi pempho limodzi. Manambala ndi owawa: lipoti la 2024 la WWF, bungwe loteteza zachilengedwe, linati chiwerengero cha nyama za msana za m'madzi opanda mchere zimene akatswiri amazitsatira chatsika ndi 85 pa 100 pakati pa 1970 ndi 2020, chikhalirecho madzi amenewa ndi amene amasunga pafupifupi theka la mitundu yonse ya nsomba yodziwika. Komabe musaphunzitse ana kuloza chala msodzi kapena mlimi wa m'mbali mwa mtsinje. Ambiri mwa anawo ndi makolo awo amenewo. Atumeni akawafunse: nsomba ziti zinkapezeka kale zimene pano kulibe, madzi ankafika pati m'chilimwe, bango ndi gumbwa zinatha liti. Msodzi wa zaka makumi atatu pamadzi ali ndi mbiri imene palibe yunivesite inailemba, ndipo mwana amene waimva pakamwa pa agogo ake sadikira mayeso kuti aikumbukire.

Gulani kope lachikuto cholimba, likhale la sukulu osati lanu, kuti mukadzasamutsidwa wobwera m'malo mwanu adzapitirize. Sankhani malo awiri, ena kumtunda kwa kumene anthu amakhala, ena kumunsi. Pitani kamodzi pamwezi, ola lomwelomwelo. Lembani tsiku, ola, ngati kwagwa mvula masiku atatu apitawa, muyezo wa kambale kapena maonekedwe a madzi, ndi magulu a tizilombo amene mwapeza. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki ikanyowa imafufutika. Mwezi umene simunapeze kalikonse mulembenso kuti simunapeze. Mukakwanitsa miyezi khumi ndi iwiri munditumizire zithunzi za masambawo, tidzawerengere limodzi.