Gitala musaisiye kunyumba, achemwali

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amawerenga zolemba zanga. Ndangoifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Ndakhala ndikudziphunzitsa gitala kwa zaka ziwiri, koma sindinayimbepo pagulu. Mnzanga wandilembetsa ku msasa wa nyimbo zachikhalidwe, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu masana, ndipo tikagona m'matenti. Kwatsala masabata atatu. Ndinyamule chiyani? Ndiloweze nyimbo zingati kuti ndisakachite manyazi? Nthawi zina ndikuganiza zongosiya gitala n'kukakhala woonerera."

Achemwali, ndiyambire kumapeto kwa kalata yanuyo. Gitalayo musaisiye. Ndikuganiza kuti mantha anuwo akuchokera poti m'maganizo mwanu mukuona chikondwerero cha nyimbo, chonga cha ku Newport ku America chomwe chidayamba mu 1959, kapena cha ku Cambridge ku England cha mu 1965. Kumeneko akatswiri amakwera pansanja, ife tonse n'kumaomba m'manja pansi. Msasa suyenda choncho. M'mawa kumakhala makalasi, masana anthu amabalalika m'timagulu pansi pa mitengo, usiku amazungulira moto kapena nyali, ndipo amene amakuphunzitsani m'mawa uja mumupeza wakhala pampando woyandikana ndi wanu. Ngakhale kumisonkhano ikuluikulu monga Willie Clancy Summer School, yomwe imachitika mu Julayi ku Miltown Malbay m'dziko la Ireland kuyambira 1973, ophunzira ongoyamba kumene ndi nkhalamba zodziwa amayimbira chipinda chimodzi. Munthu wopita chimanjamanja, ikamakwana Loweruka masana amakhala akubwereka choyimbira cha mnzake.

Tsono za kuloweza nyimbo. Zitatu zakwana. Osati makumi awiri zodziwa theka, ayi, zitatu zokha zimene mungayimbe mumdima, manja atazizidwa, mtima ukugunda, wina akutsokomola pambali. Pabwalo nthawi zambiri anthu amasinthana, aliyense ikafika nthawi yake amasankha nyimbo kapena kunena kuti andidumphe, ndipo palibe amene amakwiya nazo. Pa masiku awiri mwina mwayi wotsogolera ukakupezani kawiri kapena katatu basi. Sankhani zokhala ndi kolasi yosavuta kuti ena akulandireni. Nthawi yotsala yonseyo mukakhala mukuyimba nyimbo za anthu ena, zambiri mwa izo zoti simunazimvepo chibadwire.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo masabata atatu anuwo athere pamenepa. Chofunika kukonzekera ndi khutu.

Nyimbo zachikhalidwe zamtunduwu, monga za ku America ndi ku Ireland, zidafika kwa ife kudzera m'makutu. Pamene Cecil Sharp ndi Maud Karpeles, otolera nyimbo zakale a ku England, ankayendayenda m'mapiri a Appalachia ku America pakati pa 1916 ndi 1918, ankalemba nyimbo kuchokera pakamwa pa anthu amene adaziphunzira kwa makolo awo popanda pepala lililonse. Mpaka lero aphunzitsi ambiri kumisasa amachita chimodzimodzi: amayimba kachigawo, inu n'kubwereza, amayimbanso, inu n'kubwerezanso. Amene adazolowera kuphunzira ndi kanema wa pa YouTube, woti akhoza kumuimitsa ndi kumubweza momwe angafunire, tsiku loyamba amasowa pogwira. Ndiye kuyambira lero, madzulo aliwonse tsegulani nyimbo yachikhalidwe imene simukuidziwa, musafufuze ma chord ake (kagwiridwe ka zala pa nsambo) pa intaneti, musaiimitse, ingoyesani kuitsatira. Poyamba pezani kiyi. Ng'ung'udzani mawu amene nyimboyo ikuthera, kenako muwasake pa nsambo zanu mpaka agwirizane. Nthawi zambiri imeneyo ndiye kiyi yake. Masiku atatu oyamba mudzakhumudwa. Pitirizani, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotonthoza n'chakuti ntchitoyo ndi yochepa kusiyana ndi mmene ikuonekera. Nyimbo zambiri zoyimbidwa ndi vayolini ndi banjo zili m'makiyi atatu: D, G ndi A. Ndipo nyimbo yambiri imayenda ndi ma chord atatu okha. Mu D mufunika D, G ndi A. Mu G mufunika G, C ndi D. Mu A mufunika A, D ndi E. Mukadziwa kiyi, mwatsala ndi kulota pakati pa zinthu zitatu, ndipo khutu limaphunzira msanga kumva pamene nyimbo yachoka pakhomo ndi pamene ikubwerera. Onjezanipo Em, Am ndi Bm, mwamaliza. Ngati zala zanu zimakana ma chord ena, capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pakhosi pa gitala, ndi bwenzi lanu: mukaiika pa fret (kachigawo ka pakhosipo) yachiwiri n'kugwira ngati mukuyimba mu G, zikumveka mu A, mukagwira ngati mu C, zikumveka mu D. Musachite nayo manyazi, akatswiri omwe amaigwiritsa ntchito.

Dziwaninso kamangidwe ka nyimbo zopanda mawu zija, zovinira. Zambiri zili ndi zigawo ziwiri. Choyamba chimayimbidwa kawiri, chachiwiri kawiri, kenako abwerera poyambira, ndipo oyimba amangoti AABB. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti chilichonse chimene chakudutsani chibweranso. Ulendo woyamba mvetserani osakhudza nsambo. Wachiwiri lowani chapansipansi. Kumagulu oyimba za old-time, nyimbo zakale za kumidzi ya ku America, nyimbo imodzi amatha kuizungulira kambirimbiri, ndipo amakhalitsa m'kiyi imodzi chifukwa a banjo amayenera kuchunanso nsambo zawo akasintha kiyi. Kwa ongoyamba kumene amenewa ndi malo abwino zedi okhalapo. Oyimba za ku Ireland ndi ena: kawirikawiri amabwereza nyimbo katatu n'kulumphira ina osapumira, mwinanso kiyi yasintha, ndipo ambiri a iwo sakonda magitala awiri kapena atatu kulira nthawi imodzi. Mukaona pali kale woyimba gitala pagulu lotere, dikirani musinthane. Kumagulu a old-time aja, mukaona wotsogolera wakweza phazi m'mwamba, sikuti wagwidwa ndi dzanzi. Akunena kuti uno ndi ulendo womaliza.

Kachinyengo kamodzi kamene kadandipulumutsa ine: khalani moyang'anizana ndi woyimba gitala wodziwa, muzimuyang'ana dzanja logwira ma chord. Koma zolowerani pasadakhale, chifukwa chord ya mnzanu mukamaiona kutsogolo imaoneka yachilendo. Khalani pa galasi loonera nkhope ndi gitala yanu, kapena onerani makanema mawu mutatseka, mpaka muzizindikira G, C ndi D ndi maso okha. Samalani naye amene waika capo, angakusocheretseni.

Ndivomere kuti ine ulendo wanga woyamba ndidalakwitsa zonsezi. Ndidafika nditaloweza nyimbo zovuta zoti ndikagometse anthu, n'kukhala pakatikati pa bwalo, n'kumamenya nsambo mwamphamvu ngati ndalipiridwa. Choipitsitsa, ndimathamanga. Mayi wina wachikulire woyimba vayolini adandiitanira pambali nthawi yopuma, nandifunsa mwaulemu ngati ndimamumva iyeyo ndikamayimba. Ndidati ayi. Sadawonjezere kanthu, adangomwetulira. Usiku umenewo ndidakhala kumzere wakumbuyo, ndipo n'kumene ndidamva koyamba kuti gulu lonse limapumira limodzi. Ntchito ya gitala pabwalo ndi kugwira mayendedwe a nyimbo. Chord yolakwika anthu amaikhululukira, mwinanso saimva n'komwe, koma wothamangitsa nyimbo amagwetsa gulu lonse. Choncho poyeserera kunyumba tsegulani metronome ya pafoni, kachida kogogoda mosunga liwiro, ndipo mukaphonya musabwerere m'mbuyo, lowani pamene nyimbo yafika. Ngati pandandanda palembedwa slow jam, pitani kumeneko. Ndi bwalo loyimba pang'onopang'ono, lokonzera anthu onga inu.

Tikambe za gitalayo. Nsambo zisintheni sabata imodzi ulendo usanafike, osati Lachinayi usiku, chifukwa zatsopano zimatamuka kwa masiku angapo ndipo mudzangokhalira kuchuna. Za nayiloni zimachedwa kukhazikika kuposa zachitsulo. Nyamulani paketi ina yapadera, mapiki angapo okhwatchira nsambo poti amasowa mu udzu, ndi tuner, kachida kothandiza kuchuna, yopanira kumutu kwa gitala. Ya pafoni imadalira kumva phokoso, ndiye pakati pa anthu makumi awiri imasokonezeka, pomwe yopanayo imamva kunjenjemera kwa thabwa. Onetsetsani kuti yalemba 440. Umenewu ndi muyezo wa mawu a A womwe akatswiri adagwirizana pamsonkhano wa ku London mu 1939, ndipo kabatani kakakanikizika m'chikwama n'kufika pa 445, mudzakhala mukusemphana ndi aliyense osadziwa chifukwa. Batire yapadera musaiwale.

Gitala imadana ndi zinthu ziwiri zimene kumsasa zimapezeka mosasowa, kutentha ndi chinyezi. Opanga magitala amalangiza chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, zomwe kutchire simungazilamulire, koma mungapewe zoopsa. Musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa, kapena m'tenti masana: guluu amafewa, ndipo kathabwa kogwira nsambo kakhoza kuyamba kunyamuka. Musaiyandikizenso kumoto, mbali imodzi ikutentha ina ikuzizira. Usiku ibwezeni m'chikwama chake n'kutseka, chifukwa mame a m'bandakucha amanyowetsa chilichonse. Ine ndimati pamene munthu sangakhale momasuka, gitalanso isakhalepo. Ngati muli ndi magitala awiri, tengani yotsika mtengoyo, bola ikhale yochunika.

Zala nazo zikonzeni. Kunyumba mwina mumayimba theka la ola. Kumsasa mukhoza kupezeka mwayimba maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Onjezerani nthawi pang'onopang'ono m'masabata atatuwa kuti nsonga za zala zilimbe, chifukwa matuza akatuluka Loweruka m'mawa, basi, mwakhaladi woonerera uja. Wengani zikhadabo za dzanja logwira ma chord.

Za katundu wina sinditayapo nthawi yambiri, poti okonza msasa nthawi zambiri amatumiza mndandanda, ndipo muuwerenge bwino, makamaka ngati chakudya ndi madzi zilipo kapena mudzipezere nokha. Tentiyo iyeseni kumanga kunyumba kamodzi. Tengani chogonera chochindikala, chifukwa kuzizira kumachokera pansi, bulangeti, juzi ngakhale nyengo ikhale yotentha, jekete ya mvula, tochi yovala pamutu, botolo la madzi, mankhwala anu ndi wothamangitsa udzudzu, koma wopakayo musambe m'manja musanagwire gitala, poti ena amadya utoto. Ziwiri zimene anthu amaiwala ndi izi. Mpando wopinda wopanda poika mikono, chifukwa wa mikono umatchinga chigongono. Ndi zotsekera m'makutu, poti padzapezeka wina woyimba banjo mpaka 3 koloko m'mawa, ndipo tenti ilibe khoma.

Foni yanu ikhale ndi malo okwanira, ndipo power bank ikhale yodzaza, chifukwa chida chophunzirira chachikulu ndi kujambula mawu. Nyimbo imene Loweruka masana mumailumbirira kuti yalowa m'mutu, Lolemba idzakhala itathawa. Koma pemphani kaye musanajambule munthu, safunsa adadya phula, ndipo zimene mwajambula zikhale zanu zophunzirira, osati zoponya pa Facebook. Mukayamba kujambula tchulani dzina la nyimboyo, kiyi yake, ndi amene wakuphunzitsani. Oyimba nyimbo zachikhalidwe amalemekeza kwambiri kunena kumene nyimbo waitenga, ndipo tsiku lina wina adzakufunsani. Kabuku ndi pensulo zithandizanso. Mapepala a mawu a nyimbo mukhoza kutenga, palibe adzakuthamangitseni, koma ine sindiwakonda pabwalo: maso akakhala papepala simuona dzanja la mnzanu, phazi lokwezedwa lija silioneka, ndipo mumdima simuwerenga n'komwe.

Msampha wina ndi dyera la makalasi. Mudzaona ndandanda yodzaza, mtima n'kufuna zonse. Sankhani awiri patsiku, limodzi la mulingo wanu, lina la chinthu chimene simunachiyesepo, kaya kuyimba mawu olandizana, kaya kuvina. Lembetsani mulingo woona, osadzikweza. Kukhala m'kalasi lokuposani n'kumangogwedeza mutu ndi kutaya tsiku. Masana gonaniko ola limodzi, chifukwa zokoma zambiri zimachitika usiku ndandanda itatha. Mawu anunso asamaleni: utsi wa pamoto, mphepo yozizira ndi kulankhula mokuwa pakati pa phokoso zimaumitsa kukhosi kuposa kuyimba kwenikweniko. Imwani madzi pafupipafupi ndipo khalani kumene utsi sukulowera.

Lachisanulo yesetsani kufika kusanade. Musanakhome chikhomo choyamba, funsani okonza kuti mbali ya oyimba usiku ndi iti ndipo ya ofuna kugona ndi iti, poti misasa yambiri imagawa choncho. Mukamanga tenti, chunani gitala, nyamulani mpando wanu uja, yendani mpaka mupeze gulu limene liwiro lake mukulitha. Imani chakumbuyo nyimbo imodzi kapena ziwiri. Ikatha, funsani ngati mungakhale nawo, ndipo auzeni kuti ndi ulendo wanu woyamba. Kenako funsani kiyi.