Kodi wokonza mawailesi angafikeko ku nyenyezi?

Mnyamata wina wa ku Ulónguè wanditumizira imelo. Akumaliza kalasi 12, ndipo masana akaweruka amathandiza amalume ake kukonza mawailesi ndi mafoni pamsika, koma mtima wake uli pa nyenyezi. Bambo ake akufuna akaphunzire zamagetsi ku politekiniki ya ku Songo, kufupi ndi damu la Cahora Bassa. Akufunsa kuti: "Ndikamvera abambo, ndiye kuti nyenyezi ndazitaya?"

Mphwanga, sunazitaye ayi. Akatswiri ambiri a zakuthambo masiku ano sasuzumira m'galasi, amachita kutchera khutu. Nyenyezi ndi mpweya wa pakati pake zimatulutsa mafunde a wailesi, ndipo woyamba kuwamva, Karl Jansky, anali injiniya amene mu 1932 ankafufuza chimene chinkasokoneza matelefoni. Jocelyn Bell nayenso, ali wophunzira ku Cambridge, anatha miyezi yambiri akumanga mawaya pamitengo kutchire asanapeze nyenyezi zophethira zotchedwa pulsar mu 1967.

Vuto lalikulu limene amayunivesite amalimbana nalo ndi phokoso. Ukatsegula wailesi pamalo opanda siteshoni umamva kuti fwaaa. Gawo lina la phokoso limenelo limabadwira m'zida momwemo chifukwa cha kutentha, pamene mafunde ochokera kumwamba ndi ofooka kotheratu. N'chifukwa chake pa MeerKAT, telesikopu yomvera mafunde a wailesi ochokera kumwamba, ku Karoo m'dziko la South Africa, pamene pali madishi 64 a mamita 13.5 lililonse, zida zolandirira mafunde amaziziziritsa kupitirira madigiri 200 pansi pa ziro, ndipo foni ya m'manja siloledwa kufupi. Kupanga ampulifaya yokweza mawu koma yokha osalongolola ndi ntchito ya zaka, ndipo oigwira ndi anthu amene anayamba ngati iwe, kuwotcherera timawaya.

Dziko lathu silili kunja kwa nkhaniyi. Mozambique ndi limodzi mwa mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya telesikopu yaikulu yomvera mafunde a wailesi yotchedwa SKA (Square Kilometre Array), pamodzi ndi anansi athu a ku Zambia. Ku Ghana, mu 2017, anasandutsa dishi lakale la mauthenga la mamita 32 ku Kuntunse kukhala telesikopu.

Pita ku Songo, koma masamu ndi fizikisi uzigwire zolimba, uphunzirenso kulemba mapulogalamu a kompyuta ndi Chingerezi, poti Chipwitikizi chokha sichikwanira pa zolemba za kafukufuku. Fizikisi yozama ukaipeza ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo.

Loweruka likubwerali pempha amalume dishi lakale la TV, LNB yake (kachida kolandira mafunde kamene kamakhala kutsogolo kwa dishi), ndi kamita kaja kofufuzira satelayiti. Loza kumwamba kopanda kanthu, kenako tembenuzira dishilo pang'onopang'ono kudzuwa potsata mthunzi wa LNB, osaliyang'ana ndi maso. Singano idzakwera. Loza pakhoma la nyumba, idzakweranso, poti chilichonse chofunda chimatulutsa mafunde. Lemba manambala ako m'kope ndi nthawi yake, unditumizire tiwaonere limodzi.