Alamu, za mababu akupsaipsa aja

Ee alamu, ndamvera uthenga wanu uja, mukuti mababu akutsogolo akungopsa, mukaika latsopano sipatenga nthawi lapsanso, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino mungogula a 100 wati aja kuti mwina akhalitsa. Ayi ndithu amenewo asiyeni kaye, ndifikako. Choyamba tandiuzani, lomwe likupsa ndi la mbali imodzi yomweyomweyo kapena akusinthana, lero kumanja mawa kumanzere? Chifukwatu nkhani yagona pamenepo. Ngati ndi mbali imodzi basi, vuto lili pa nyali yomweyo, kaya soketi, kaya madzi akulowa, kaya babu likugwedera. Koma ngati akupsa mbali zonse, mwinanso a kumbuyo ndi a ma indiketa nawonso akumafa pafupipafupi, pamenepo ine ndingakayikire olitaneta, ija imatchaja batire injini ikamalira, kuti ikutulutsa moto wambiri.

Ndiyambe ndi olitanetayo poti ndi imene anthu saiganizira, amangoti mababu a masiku ano ndi achabechabe nkumangogulabe. Pezani kamita koyezera moto kaja, makaniko wa zamagetsi aliyense ali nako, muike pa mitu ya batire. Galimoto ili chozima muyenera kuona mavolti cha m'ma 12.6, mukailiza ikwere kufika 13.8 mpaka 14.4 cha pamenepo. Ndiye musangoyeza injini ikungolira payokha ayi, wina akhale mkati aponde mafuta pang'ono kuti irevuke, inu maso ali pa mita. Mukaona ikudutsa 15 nkukhala komweko osatsika, dziwani kuti regyuleta ya mu olitaneta, kachipangizo koletsa moto kupitirira muyeso, yatha, ndipo olo mutagula babu labwino chotani lipsabe. Magalimoto ena atsopanowa kompyuta imakweza moto kwakanthawi kenako nkutsitsanso, zimenezo si vuto, vuto ndi ukakwera nkukakamira m'mwambamo. Mababu a halojeniwa, mtundu wamba wa mababu akutsogolo, amawayesera pa 13.2, ndipo moto ukangopitirira ndi 5 peresenti yokha moyo wa babu umadulidwa pafupifupi theka, tangoganizani, osafika ndi volti imodzi yomwe. Chizindikiro china nyali zimawala mbee mukaponda mafuta, batire imatentha, madzi ake amauma msanga, nthawi zina mpaka kumveka fungo la mazira owola mukatsegula boneti. Muli pomwepo gwedezaninso mitu ya batireyo ndi dzanja, ngati ikuzungulira imangeni, chifukwa batire ndi imene imameza moto ukadumpha, ndiye mutu ukakhala wolendewera moto wodumphawo umakathera ku mababu.

Tsopano babu lakupsalo musataye, kapena mwataya kale? Lija limakuuzani lokha chimene chinalipha. Liyang'aneni pa kuwala. Ngati galasi lili bwinobwino loyera koma kawaya ka mkati kaja kaduka, kapena kakulendewera, kawirikawiri ndi kugwedera kapena kungokalamba basi. Ngati mkati mwachita ngati utsi woyera kapena wachikasu, ndiye kuti galasi linang'aluka mpweya unalowa, ndipo chimang'alula galasi lotentha nthawi zambiri ndi dontho la madzi. Ngati pagalasi pali kotupa kapena banga pamalo amodzi, zimenezo ndi zala za amene anaika. Ndipo mukaona tizitsulo takumbuyo, tolowa mu soketi tija, tada kapena tapserera, babu lilibe mlandu, wolakwa ndi soketi.

Za zalazi anthu amaziona ngati nthabwala koma nzoona. Galasi la halojeni limatentha koopsa, ndiye mafuta a pachala akatsalira pamenepo malo amenewo amatentha kuposa pena ponse, galasi nkufooka. Gwirani kuchitsulo kokha, kapena ndi kansalu koyera, mukalikhudza mwangozi pukutani ndi sipiriti liume kaye musanaike. Ngati amakuikirani ndi wina muziyang'anitsitsa, ena amangolitulutsa m'katoni ndi manja a girizi omwewo.

Kenako kakhalidwe ka babulo. Kumbuyo kuli kawaya konga sipuling'i kamene kamalipanikiza, kameneka kakapindika kapena osakoleka bwino babu limavina m'kati mukamayenda, ndipo kawaya ka mkati kakatentha sikapirira kugwedezeka. Ngati anu ndi a H4, a mapini atatu aja, amakhala njira imodzi yokha, akapanda kulowa bwinobwino musawakakamize. Mukaika ligwedezeni pang'ono, lisamasunthe. Gwiraninso nyali yonseyo panja muikankhe, makamaka ngati galimoto inagundidwapo kutsogolo, timakutu tapulasitiki togwira nyali tija timathyoka anthu osazindikira. Ndiye pali rabala yotseka kumbuyo ija, ambiri akasintha babu usiku mothamanga saibwezera, kapena amaiika chopendekera, basi madzi ndi fumbi zayamba kulowa. Mukaona m'galasi la nyali muli nthunzi kapena timadontho m'mawa ndipo sitikuuma olo mwayatsa nyali kwa kanthawi, fufuzani pomwe akulowera.

Soketi nayo, zulani muione. Pulasitiki ikakhala yasungunuka, yada, kapena ikulowa mopepuka osagwira, moto umadumphadumpha pamenepo nkumatenthetsa, ndipo babu likamazima nkuyaka, kuzima nkuyaka, silichedwa kufa. Osalimbana nkupinda tizitsulo, dulani muike soketi ina, nkumanga mawaya bwino osati kungopota ndi tepi. Waya wa ethi, uja wobwezera moto ku bodi ya galimoto, nawonso muutsatire mpaka pomwe wamangidwa pa bodi, ngati pali dzimbiri mupale.

Tibwerere ku a 100 wati anu aja. H4 wamba ndi 60 pa fulu, 55 pa dimu, H7, mtundu wina wa babu, ndi 55, ndipo mawaya, soketi ndi swichi anazipangira mphamvu imeneyo. Mukaika a 100 akukoka moto pafupifupi kawiri kudzera m'mawaya omwewo, soketi isungunuka, chowalitsira cha m'kati chija chipserera, ndiyeno iwowo sakhalitsanso, kuphatikiza apo mukuthobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Fyuzi ikayamba kupsa wina adzakuuzani kuti tiike yaikulu, mukane alamu, mawaya ndi amene adzapse m'malo mwake. Ngakhale a buluu aja olembedwa kuti amawala kwambiri, amafa msanga, kawaya kake amakapanga koti kazitentha mopitirira. Inu gulani a wati yolembedwa m'buku la galimoto kapena pa babu lakale, mukapeza olembedwa Long Life ndiye bwino, ndipo musinthe onse awiri nthawi imodzi chifukwa limodzi likafa ndi ukalamba linzake limakhala lili m'njira.

China chaching'ono, halojeni wamba amakhala maola cha m'ma 500 kapena kuposerapo, ndiye ngati mumayenda nyali zili choyaka usana ndi usiku, kusintha kamodzi pachaka si zachilendo. Koma zanu zomapsa pakangotha milungu yochepazi ayi, pali chimene chikuwapha. Komanso muzizimitsa nyali musanalize injini, mwaliza kaye ndiye muyatse.

Ndiye mawa musagule kanthu kaye, yezetsani moto pa batire injini ikulira komanso ataponda mafuta, mundilembere manambala awiriwo pano. Mujambulenso babu lakupsalo pafupi, galasi ndi kumbuyo komwe, ndi soketi yake, ndione ngati nkoyenera kumasula olitaneta kapena ayi.