Chitsulo cha malemba a Chiarabu: ndi chidindo cha ndalama?

Funso: Amalume anga anandipatsa chitsulo chamkuwa chomwe anagula ku Zanzibar, chachitali ngati chala. Kumutu kwake kuli malemba a Chiarabu ozokotedwa, koma a shehe akuti sakuwerengeka. Wogulitsa anati ndi chidindo chosulira ndalama zakale za Asilamu. Nditsimikiza bwanji? Wowerenga wanu, Mangochi.

Yankho: A shehe sananame. Chidindo chimazokotedwa chobwerera m'mbuyo kuti pa ndalama malemba atuluke molongosoka. Dindani pang'onopang'ono pa phula lofewa kapena pulasitisini, muwaonetse chimene chatulukacho. Musayese kumenya ndi hamala. Ngati malembawo akuwerengeka bwino pachitsulo penipenipo, si chidindo ayi.

Kenako yezani nkhope yake, kutanthauza mbali yomwe ili ndi malemba. Kuyambira pamene khalifa (mtsogoleri wa Asilamu) Abd al-Malik anasintha ndalama m'chaka cha 77 cha Hijra (kalendala ya Chisilamu), cha m'ma 697, dinari ya golide inkakhala pafupifupi mamilimita 20 m'mimba mwake, ndipo dirhamu ya siliva inkakhala pakati pa 25 ndi 29. Pa dirhamu za Umayyad, banja la makhalifa lomwe linkalamulira nthawi imeneyo, pakati pamakhala shahada (mawu ovomereza chikhulupiriro cha Chisilamu), mozungulira pamakhala mawu akuti "M'dzina la Allah, dirhamu iyi yasulidwa ku Wasit m'chaka chakuti." Wasit ndi mzinda wa ku Iraq, umodzi mwa mizinda yomwe inkasula ndalamazi. Chakacho chimalembedwa m'mawu, osati manambala, ndipo dzina la khalifa palibe. Mukaona manambala pa chidindo chomwe akuti ndi cha nthawi imeneyo, ndi bodza. Samalani powerenga: malemba akale a Chiarabu otchedwa Kufi, omwe ali pa ndalamazi, alibe madontho, choncho mawu a 7 ndi a 9 amafanana kwambiri. Kuti mupeze chaka chathu, chulukitsani chaka cha Hijra ndi 0.97 n'kuwonjezera 622. Chaka cha 95 chikugwa cha m'ma 714. Ndalama za ku Kilwa, kugombe la Tanzania, n'zosiyana: zambiri n'zazing'ono, zamkuwa, zili ndi dzina la sultani koma zopanda chaka. Mukangopeza dzina la munthu lokha pa nkhope yaing'ono, mwina ndi chidindo chamakalata.

Zidindo zinkagwira ntchito ziwiriziwiri. Chapansi chinkakhazikika pa chipika, chapamwamba msuli ankachigwira m'manja n'kumenya. N'chifukwa chake chapamwamba chomwe chinagwiradi ntchito chimakhala chophwanyika kumbuyo, chotambalala ngati bowa, nthawi zina chong'aluka m'mphepete. Kumbuyo kosalala bwino koma nkhope yofufutika, pamenepo nkhani siyikugwirizana.

Pomwe abodza ambiri amagwidwira ndi pa mizere. Tengani galasi lokulitsa ka 10. Pomwe mmisiri anazokota ndi dzanja, mzere umakhala wakuthwa pansi, m'mbali mwake muli timikwasa ta chida, ndipo kawirikawiri pakatikati pamakhala kadontho komwe anaimika kampasi pojambula mizere yozungulira. Wabodza amatenga ndalama yeniyeni, kuumba chikombole, n'kuthiramo mkuwa wosungunula. Zotsatira zake, malemba amakhala obuntha, nkhope imachepa pang'ono chifukwa mkuwa umafota ukamazizira, ndipo zilema za ndalamayo, kuperepeseka ndi kuduka kwa malemba m'mphepete, zimakoperedwa zonse. Chidindo chenicheni chimakhala ndi malemba athunthu kuzungulira konse. Timaenje ta mpweya patokha si chigamulo, poti akatswiri ena amati ngakhale nyumba zosulira ndalama zinkathira zidindo zina m'chikombole.

Dzimbiri lakale limamera m'chitsulo, lolimba, lofiirira pansi, lobiriwira pamwamba. Lopaka limachoka ndi kathonje konyowetsa ndi asetoni (mankhwala osungunula penti) mukapukuta pakona. Musatsuke ndi mandimu, phulusa kapena Brasso, mungafafanize umboni wonse. Mukaona ufa wobiriwira motuwa womwe umabwereranso mukaupukuta, ndi mchere ukudya mkuwa. Chisungeni pouma, m'kabokosi kotseka muli silica gel (timibulu toyamwa chinyontho). Makina a XRF amayeza zomwe zinasakanizidwa popanga chitsulo osachiwononga, ndipo zinki yoposa 30 peresenti imaloza ku mkuwa wamakono.

Tinene mosabisa: zidindo zenizeni za boma zotsala n'zochepa kwambiri, chifukwa zinkaphwanyidwa kapena kusungunulidwa zikatha ntchito, ndipo zina zakale zomwe zimapezeka zinali za akuba osula ndalama zachinyengo nthawi yomweyo. Umboni wamphamvu ndi kupeza ndalama yomwe inasulidwa ndi chidindo chanucho, chilembo ndi chilembo, mng'alu ndi mng'alu. Jambulani nkhope, mbali ndi kumbuyo pali rula pambali, kuwala kukuchokera chammbali, lembani kulemera kwake m'magalamu, mutumize kwa akatswiri a ndalama za Chisilamu monga a ku British Museum kapena American Numismatic Society. Afunsanso kuti amalumewo anagula liti ndi kwa ndani, choncho sungani kapepala kalikonse komwe kalipo.