Kodi anthu ofufuza chitetezo cha mafoni si akuba odzibisa?

FUNSO: Ine ndili ndi golosale ku Limbe, ndipo chaka chatha ndinaikitsa kamera imene imandionetsa za mu shopu pa foni ngakhale ndili kunyumba. Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira za makompyuta, wandiuza kuti kunja kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi kuthyola chitetezo cha mafoni ndi makamera otere, ati pofufuza. Kodi anthu amenewa si akuba odzibisa? Nanga ngati iwo amatha kulowa, ndalama zanga za pa foni zili pabwino?
Mayi wa golosale, Limbe

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwana wanuyo sananame, koma pakati pa wofufuza ndi wakuba pali kusiyana kwakukulu: wofufuza amayesa chitseko mwini nyumba atamulola, kapena amagula chipangizo chakechake n'kumachiyesa, ndipo akapeza pofooka amayamba wauza kampani imene inachipanga kuti ikonze asanaulule pagulu. Wolowa popanda chilolezo akupalamula mlandu, ndipo kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zimenezo.

Chitsanzo chabwino ndi SS7, njira imene makampani a mafoni amalankhulirana okhaokha kuti foni yanu ipezeke mukaimbiridwa, ngakhale mutakhala kuti mwapita ku Johannesburg. Njirayi inakonzedwa m'zaka za m'ma 1970, pamene makampani a mafoni anali ochepa komanso odziwana, motero inapangidwa mokhulupirira aliyense amene ali m'kati mwake, osamufunsa umboni woti ndi ndani. Mu December 2014, pa msonkhano wa akatswiri wa Chaos Communication Congress ku Hamburg, a Tobias Engel ndi a Karsten Nohl anaonetsa kuti munthu amene wapeza mwayi wolowa mu SS7 angathe kudziwa kumene foni ili, kumvera zokambirana ndiponso kupatutsa mameseji, atangodziwa nambala yokha. Mu 2016 a Nohl anachitanso zomwezo pa foni ya phungu wa ku America, a Ted Lieu, iwo atavomera, ndipo zinaonetsedwa pa kanema wa CBS. Anthu ena ankati n'zongoopseza, koma mu 2017 kampani ya O2-Telefónica ku Germany inavomereza kuti akuba anadzera njira yomweyo n'kulanda mameseji a nambala zachinsinsi zochokera ku banki, kenako n'kutapa ndalama m'maakaunti a anthu. Chenjezo linali litaperekedwa zaka zoposa ziwiri m'mbuyomo.

Komabe, mayi, kunena zoona, SS7 si imene iyenera kukusowetsani tulo, chifukwa kulowamo kumafuna ndalama ndi luso, ndipo kutseka mpatawo ndi udindo wa makampani a mafoni ndi mabungwe owayang'anira monga MACRA. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba kawirikawiri zimapita m'njira yosavuta kwambiri: wina akuimbirani mwaulemu, akuti watumiza ndalama molakwika kapena akuchokera ku kampani, n'kukupemphani PIN kapena nambala imene yangofika pa meseji.

Chimene ndikufuna tiimepo ndi kamera yanuyo. Kamera yotere, rauta (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba kapena mu shopu), ngakhale kabokosi kosungira zithunzi za kamera, zonsezi ndi timakompyuta tating'ono, ndipo zambiri zimachoka ku fakitale zili ndi dzina lolowera ndi pasiwedi yofanana, monga admin ndi 12345. Woikayo akamaliza kukhoma kamera pamwamba pa kauntala, amakuonetsani chithunzi pa foni, mumamulipira, n'kumapita, pasiwedi ija ili chomwecho. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkangoyendayenda pa intaneti n'kumayesa mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60 pa chipangizo chilichonse chimene yachipeza. Chikatseguka, inkachisandutsa kapolo, mwini wake osadziwa kanthu poti kamera inkaonetsabe zithunzi monga mwa masiku onse. Pa 21 October 2016, zipangizo zogwidwa motero zinalamulidwa kuthamangira pamodzi ku kampani ya Dyn ku America, imene inkalondolera makompyuta kumene masamba a pa intaneti ali, mpaka inalemedwa, ndipo masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix anavuta kutsegula kwa maola angapo. Ofufuza ndi amene anaisanthula pulogalamuyo n'kuthandiza kupeza eni ake, achinyamata atatu amene anavomera mlandu mu December 2017.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutali. Chaka chomwecho cha 2016, mtundu wina wa Mirai unagwiritsidwa ntchito kusokoneza kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo munthu wa ku Britain amene anachita zimenezo, Daniel Kaye, anagamulidwa ku London mu January 2019 kukakhala kundende miyezi 32. Dziko la Britain linafika pokhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 29 April 2024, loletsa kugulitsa zipangizo zotere zili ndi pasiwedi yosavuta kuilota. Zambiri zimene timagula m'misika yathu sizinadutse m'sefa ngati imeneyo, choncho ntchito imatsalira mwini chipangizo.

Ndiye mumuitane mwanayo Loweruka likubwerali, mukhale naye limodzi mu shopu, asinthe pasiwedi ya kamera ndi ya rauta, iliyonse ikhale yakeyake komanso yaitali, yosakhala chaka chanu chobadwa kapena dzina la golosale. Aonenso ngati kampani yopanga kamerayo inatulutsa pulogalamu yatsopano yoikonzera, ndipo ngati amene anakuikirani akali ndi mwayi wolowera, amuchotse. Pasiwediyo mulembe m'kope limene mumasunga kunyumba, osati pa kapepala komata pansi pa kauntala.