Njovu anati, kapena njovu inati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Turffontein, kwawo ndi ku Dedza, ndipo ndaiwerenga katatu chifukwa chokondwa nayo. Ana awo awiri anabadwira konkuno ku Joni. Chizulu ndi Chingerezi amalankhula bwinobwino, koma Chichewa n'chongomva. Loweruka m'mawa anawo amakhala phee kuonera makatuni, ndipo bambowa mtima umapita kutali. Alemba motere:

"Ndinapukwa mabuku a nthano amene tinkawerenga ku pulayimale, aja a zikuto zong'ambika, buku limodzi anthu anayi. Ndayesa kuitanitsa kumudzi koma sakupezeka. Ndiye ndinagula kope n'kuyamba kulemba ndekha nthano za Kalulu mmene ndikuzikumbukira. Pena ndinalemba kuti 'Njovu anakwiya kwambiri.' Mayi akunyumba, amene anali mphunzitsi kwathu, akuti ndalakwitsa, zoyenera n'zakuti 'njovu inakwiya,' ndipo ndiwasokoneza ana. Wolondola ndani? Chinanso, kodi mawu akuti katuni ndi Chichewa, kapena tili nawo athu?"

Bambo, ndisanayankhe ndikuthokozeni chifukwa cha mawu amodzi m'kalata yanu. Mwati munapukwa. Masiku ano pa Park Station, anthu akamaperekezana ku basi za ku Blantyre, ndimangomva "ndamisa kwathu," "mukawauze ndawamisa," ngati kuti makolo athu analibe mawu a ululu umenewu. Kupukwa si kukumbuka chabe, ndipo si kusowa. Munthu amakumbuka ngongole, amasowa mchere, koma amapukwa chimene chinamulera chikakhala kutali. Mwana wosiyidwa kwa azakhali amapukwa amake mpaka kukana nsima. Mawu amenewa muwapezere malo m'kope lanulo.

Tsono za Njovu. Mayi akunena zimene tonse tinaphunzira m'kalasi, ndipo m'kalasimo n'zoona. Dzina lakuti njovu lili m'gulu la I-Zi: njovu inafika, njovu zinafika. Mkango uli m'gulu la Mu-Mi: mkango unabangula, mikango inabangula. Mukapita ndi ana ku Kruger, kapena mukawatengera ku Liwonde pa tchuthi, chinyama chimene mukachione chikuthyola nthambi ndi "iyo," ndipo mwana akadzati "njovu uja wathawa" mudzamukonze.

Koma Njovu wa m'kope lanu sakhala ku Liwonde. Ali ndi munda. Ali ndi apongozi. Amaitanitsa msonkhano chilala chikavuta, amagawa ntchito yokumba chitsime, amachita manyazi akapusitsidwa pagulu. Ameneyu ndi munthu wovala chikopa cha njovu, ndipo dzina lake lasanduka lamwinimwini, monga Phiri kapena Nabanda. Polemba timaonetsa zimenezi ndi lembo lalikulu. Koma nthano zinayamba kale tisanadziwe cholembera, ndipo khutu silimva lembo lalikulu. Chimene khutu limamva ndi mgwirizanitsi, kachilembo kaja ka kumayambiriro kwa mneni, monga a- wa "anati" ndi i- wa "inati." Wokamba nthano akangoti "Njovu anati," mwana wa zaka zinayi amadziwiratu kuti tachoka kutchire, talowa m'mudzi wa nyama zolankhula. Ntchito imene wojambula katuni amagwira poimiritsa nyama ndi miyendo iwiri n'kuiveka kabudula, Chichewa chimaigwira ndi kachilembo kamodzi. Simunalakwitse, bambo. Munalemba mmene agogo anu ankakambira.

Chimene ambiri saonera kusinthaku n'chakuti nyama zotchuka m'nthano zathu zili kale m'gulu la anthu. Kalulu, Fisi, Fulu, Nyalugwe, Galu, Nadzikambe, onsewa ngakhale kutchire timati "wathawa," "wafa," "anabisala." Palibe chosintha akalowa m'nthano. Kusintha kumaonekera pa Njovu, Mvuu, Njati, Ng'ona, Mkango, amene ayenera kusamuka m'gulu lawo kuti akhale nawo pabwalo.

Pa Kalulu ndiime pang'ono, pakuti dzina limeneli limandikoma. Tamverani ka- ali kumayambiriroko. M'Chichewa ka- ndi wochepetsa: kamwana, kanyumba, kambuzi, ndipo zambiri zake ndi tiana, tinyumba, timbuzi. Mwa lamulo limenelo tikanati "kalulu kanga kathawa" ndi "tilulu tambiri." Koma palibe Mchewa amene amatero. Timati kalulu wanga wathawa, akalulu ambiri, ndipo tikafuna kumuchepetsa timachita kuwonjezera ka- wina n'kuti kakalulu. Ine sindikayika kuti ka- woyambayo anali wochepetsa kalekale, kanyama kakang'ono kothamanga, ndipo ndimakhulupirira kuti ndi nthano zimene zinamukoka m'gulu la tizinthu n'kumukhazika pakati pa anthu. Anakambidwa ngati munthu usiku uliwonse kwa mibadwomibadwo mpaka chiyankhulo chinavomera. Atumbuka ndi Abemba nawonso amamutcha kalulu yemweyo. Kuno anzawo a ana anu amamudziwa ndi dzina la Chizulu lakuti unogwaja, Ashona amati tsuro, koma makhalidwe ndi omwewo: wochepa thupi, wanzeru, waulesi pa khasu.

Mwina mayi angati "anakwiya" wanuyo ndi waulemu chabe, monga timanenera kuti "agogo anakwiya." Ayi, ndipo njira yodziwira ilipo. Onani mawu otsatira. Wokamba nthano amati "Njovu anakwiya, Kalulu anamuseka," osati "anawaseka." Amati "Njovu wafika ndi mwana wake," osati "afika ndi mwana wawo." Ulemu umabwera pokhapokha Kalulu akatsegula pakamwa pake: "Zikomo a Njovu, mwadzuka bwanji akuluakulu? Ine ndimati tikokane chingwe, inu uko ine kuno." Kenako amathamangira kumtsinje kukanena zomwezo kwa a Mvuu, n'kuwapatsa nsonga ina ya chingwecho. Kukoma kwa nthano imeneyi kwagona pamenepo. Ana akumva wokamba akuti "iye," akumvanso Kalulu akuti "inu akuluakulu" akuwomba m'manja, ndipo akudziwa kuti ulemuwo ndi nyambo. Mukalemba "njovu inakwiya" zonsezi zimafa, chifukwa palibe amene amagwadira "iyo."

Mayi ali nawo umboni wawo, ndipo ndiupereke ndine kuti asavutike. Miyambi siisamutsa nyama. Timati mbewa yamanyazi idafera kuuna: manyazi ndi a munthu, koma mbewayo yatsala mu i-. Timati nkhanga zidapangana kusanapse: kupangana n'kwa anthu, koma zatsala mu zi-. Ndipo mukatsegula Buku Lopatulika, lija la 1922, pa Genesis 3 mupeza njoka ikulankhula ndi mkazi, koma omasulira anaisiya m'gulu lake. Anachita bwino. Njoka imeneyo si mnansi wathu wokhala naye pabwalo, ndipo mbewa ya m'mwambi timaiona kamphindi chabe, ilibe mudzi, ilibe dzina. Nthano yokha ndiyo imapatsa nyama umunthu wonse, kuyambira "Padangotero" mpaka kumapeto.

Ngakhale m'nthano momwemo muli khomo lotulukira. Agogo anga aakazi ku Ntcheu ankakamba ya Mkango amene Kalulu anamunamiza kuti m'chitsime muli mfumu ina yoposa iye. Nthano yonse Mkango anali "iye": analamula, anakalipa, anasuzumira m'madzi, anaona nkhope yolusa, anadumphira. Koma akafika pamenepo agogo ankatsitsa mawu n'kuti, "Basi, mkango uja unafera momwemo." Unafera. Ndinali wamng'ono, magulu a mayina ndisanawamve n'komwe, koma ndinkamva m'thupi kuti ufumu watha, chatsala ndi chinyama chonyowa pansi pa chitsime. Agogowo sanapiteko kusukulu. Mpaka lero sindinaone mlembi wogwiritsa ntchito mgwirizanitsi mwaluso kuposa pamenepo.

Chimene ndimadana nacho ndi kusakaniza kopanda chifukwa. Chaka chatha mlamu wanga anabwera ndi timabuku ta ana tatsopano tochokera kumudzi, tokongola mapepala, zithunzi zowala. Nditatsegula kamodzi ndinapeza chiganizo chonga ichi: Mkango anadzuka m'mawa, kenako unapita kwa mkazi wake, ndipo anamuuza kuti uli ndi njala. M'chiganizo chimodzi munthu, nyama, munthu, nyama. Zimaoneka kuti wolembayo anali ndi Chingerezi patsogolo pake n'kumangosintha liwu ndi liwu, osamva ndi khutu. Mabuku akale aja mukuwapukwawa mapepala ake anali otuwa, zithunzi zakuda ndi zoyera, koma olemba ake anakulira pamoto, ndipo zoterezi sakanazilola. Ngati pali chosokoneza ana, ndi chimenechi, osati "anakwiya" wanu.

Funso lachiwiri lija ndi lopepuka. Katuni ndi mawu obwereka, inde, koma sindikuona chifukwa chowathamangitsira. Ali ndi abale ake amene tinawalandira kalekale. Kalata imene mwandilemberayi dzina lake linachokera ku Chipwitikizi, carta, ndipo linatifika kudzera kwa amalonda a m'chigwa cha Zambezi. Katoni imene mumalongedzamo sopo ndi mafuta ophikira potumiza kumudzi, khadi la kubanki limene lili m'thumba mwanu, ndi katuni imene ana akuonera, zonsezi muzu wake ndi umodzi, liwu lakale la ku Ulaya lotanthauza pepala. Katuni poyamba inali chojambula cha papepala lolimba, za kuyendayenda pa kanema zinabwera pambuyo. Amene akukana katuni ayambe wakana kalata.

Mungosamala ziwiri. Musasokoneze katuni ndi katoni, pakuti ndamvapo makolo akuti "ana akuonera makatoni." Ndiponso ka- wa pa katuni si wochepetsa, choncho timati katuni iyi, katuni yabwino, makatuni awa, monga timanenera kalata iyi ndi makalata awa. Akuluakulu ena amati "kanema wa zidole," ndipo ndimawamva, koma chidole n'chogwirika, choumba ndi dothi kapena chosoka ndi nsanza, chimene mwana amabereka kumsana. Chojambula si chidole.

Ife a msinkhu wanga katuni tinaidziwira m'nyuzipepala. Wailesi yakanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, tili akuluakulu kale. Tisanafike kumeneko tinkadikira Malawi News kuti tione zimene Pewani, munthu wa m'katuni ya Brian Hara, wachita sabata imeneyo, ndipo tsambalo linkayenda nyumba ndi nyumba mpaka kuthera pokulungira usipa. Makatuni oyenda tinkawaonera m'tinyumba ta vidiyo pamsika, titakhala pa mabenchi, filimu ya akuluakulu isanayambe. Amene anatigwira mtima anali Tom and Jerry, mphaka Tom ndi Jerry wamng'ono womuthawa, amene William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba kujambula mu 1940, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: awiriwo pafupifupi salankhula, choncho Chingerezi chathu chopereweracho sichinkatilepheretsa kanthu. Komanso nkhaniyo tinkaidziwa kale. Wamng'ono wanzeru, wamkulu wamphamvu wopusitsidwa tsiku ndi tsiku. Anali Kalulu ndi Fisi atasamukira m'nyumba ya azungu.

Tikatuluka m'menemo tinkafotokozerana njira yonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankati "inathawa." Tinkati "Jerry anathawa, Tom anamuthamangitsa, anamutchera msampha koma unagwira mwiniwake." Lamulo lija la Njovu tinkalitsata osadziwa kuti ndi lamulo. Mkangano wathu unali wina: kodi Jerry ndi mbewa kapena khoswe? Pamenepa ndiweruze lero, ngakhale papita zaka. Mbewa ndi yakumunda, timaikumba kuuna m'chilimwe, ndipo imathera pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1. Wokhala m'khoma la nyumba n'kumaba chakudya cha eni ake ndi khoswe, kaya akhale wamng'ono chotani. Ana anu akafunsa, Jerry ndi khoswe, ndipo khoswe ali kale m'gulu la anthu: khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Kope lanulo lipitirire mmene mwaliyambira. Njovu ndi lembo lalikulu, "anakwiya" akhale pomwepo. Mayi muwapatse cholembera chofiira kuti asake malo amene mwasakaniza mosazindikira, pakuti alipo ndithu, aliyense wolemba nthano koyamba amaterereka pa Mkango ndi Ng'ona. Pamwamba pa nthano iliyonse mulembe "Padangotero," koma yankho lake musalilembe. Ana anu akudziwa kale kuchokera kusukulu kuti mphunzitsi akayamba nthano m'Chizulu n'kuti "Kwasukasukela" iwo amati "Cosi," ndiye sadzavutika kumva kuti kwa bambo awo amayankha kuti "Tili tonse," ndipo amayankha pa mpumiro uliwonse, osati poyamba pokha. Usiku woyamba mayi ndiwo atsogolere kuyankhako, inu muzikamba, wailesi yakanema itazimitsidwa. Muyambe ndi ya chitsime, ija Kalulu anakana kukumba nawo n'kumabwera usiku ndi uchi kudzanyengerera alonda, mpaka Fulu anadzipaka ulimbo pamsana. Muli Njovu, muli Mkango, muli Njati, onse motsatana, ndipo pofika pa Fulu khutu la anawo lidzakhala litazolowera.