Mmene Berg anaphatikizira kiyi ndi manotsi 12

Achimwene, mwafunsa ngati nyimbo ingakhale ndi kiyi kwinaku ikutsata njira ya manotsi 12 ya wopeka nyimbo Arnold Schoenberg, imene imasanja manotsi onse 12 mu mzere popanda kubwereza notsi, ndipo siilola kuti notsi ina ikhale doh. Zimatheka ndithu, ndipo yambani ndi Violin Concerto (nyimbo ya vayolini ndi gulu la zoimbira) imene Alban Berg anapeka mu 1935.

Luso lake lagona pa mmene anasanjira mzere wa manotsiwo: G, B♭, D, F♯, A, C, E, G♯, B, C♯, D♯, F. Palibe notsi yobwerezedwa, lamulo latsatidwa. Koma tengani atatu oyamba, mupeza kodi (manotsi oimbidwa pamodzi) ya G minor. Yambirani pa D, mupeza D major. Pa A, A minor. Pa E, E major. Ndipotu G, D, A ndi E ndiwo mawu a nsambo zinayi za vayolini zikakhala zosadinidwa. Choncho khutu limamva makodi ozolowereka ngakhale nyimboyo siikhazikika pa kiyi imodzi.

Manotsi anayi omaliza amakwera sitepe yathunthu aliyense, monga imayambira nyimbo ya m'tchalitchi "Es ist genug" imene wopeka nyimbo wakale Bach anaikonzera mawu anayi. Berg anailowetsa chakumapeto: vayolini imatsogolera, zitoliro za clarinet n'kuyankha ndi makodi a Bach omwewo. Kwa ine apa mpamene pamagwira mtima, makamaka ukadziwa kuti Berg analemba Violin Concerto imeneyi pokumbukira Manon Gropius, mtsikana amene anamwalira ali ndi zaka 18.

Schoenberg nayenso, mu String Quartet No. 2 (nyimbo ya zoimbira zinayi za nsambo) ya 1908, anayesa njira ina. Gawo lomaliza limangoyendayenda popanda kiyi, koma n'kudzathera pa F♯ major.